Phungu Wachinayi ndi Mwana Wanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Bowe tilipo, koma kungoti tilipo. Chimanga chinapserera chisanamasule, ndipo fodya ogula anamutenga ngati chotola. Mbuzi munasiya zija zatsala ziwiri.

Pali nkhani imene ndakhala ndikukubisirani. Mukukumbukira mmene munkatchulira aphungu a dera lathu lino mmodzimmodzi? Woyamba anali mphunzitsi uja anatisankhira akuluakulu nthawi ya chipani chimodzi, masiku amene munabwezedwa pakhomo la msika chifukwa choiwala khadi la chipani. Zipani zitachuluka kunabwera wogula fodya wa ku Mponela uja, amene ankatiponyera zitenje ndi sopo ali pamwamba pa galimoto. Wachitatu anasintha chipani katatu, mpaka inu munati, "Uyu ndi bilimankhwe, bola tivotere mtengo umene wakwerapo." Onsewo anaima pagombe la mtsinje wathu nalonjeza mlatho, ndipo aliyense anasiyapo mulu wa miyala. Inu munkangoti, "Mlendo sadziwa pamene denga likudontha. Tikadzapeza wathuwathu, tidzawoloka."

Amayi, wathuwathuyo tinamupeza. Ndi Lameki, mwana wanu, mlongo wanga amene ndinamulera kumsana kwangaku. Mutangotisiya, analeka ntchito yake yaulangizi n'kuimira. Ndinayenda naye mudzi ndi mudzi mpaka kumapiri oyang'ana ku Ntchisi, mapazi kuchita kung'aluka. Amayi anzanga ndinkawauza kuti, "Uyu ankawoloka mtsinje womwewu mabuku ali pamutu, sangatinamize." Tsiku limene anapambana ndinalira ndikutchula dzina lanu.

Kenaka anasamukira ku Lilongwe. Foni yake anayamba kuyankha ndi munthu wina. Pagombe paja panawonjezeka mulu wachinayi, uwu wokhala ndi chikwangwani.

Dzinja lapitali Esinati, mwana wanga wachisamba, mdzukulu wanu uja ankakupesani tsitsi, nthawi yake yochira inakwana. Tinamugoneka pangolo kuti tithamangire kuchipatala ku Madisi. Tinapeza mtsinje utadzaza, ng'ombe n'kukana kulowa. Tinadikira pagombepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pambali pa miyala ya amalume ake. Mwana anabadwira pomwepo, wamkazi, wamoyo. Koma magazi a Esinati sanaleke. Ankangoti, "Amayi, ndikumva kuzizira," ine n'kumufunditsa chitenje chokhala ndi nkhope ya Lameki, poti china ndinalibe. Madzi ataphwera panalibenso chifukwa chowolokera, Esinati anali atatisiya. Tinangotembenuza ngolo.

Lameki anatumiza bokosi lonyezimira. Galimoto inaima kutsidya, amuna n'kulisenza pamutu, madzi ali m'chiuno. Mwiniwake sanabwere, ati kunali zokambirana ku Nyumba ya Malamulo.

Sabata yatha ndiye anatulukira, poti chisankho chayandikira. Wanenepa, Amayi, simungamuzindikire. Anakhala pakhonde n'kunena kuti, "Achemwali, zinthu kumtunda kuja n'zovuta, simungazimvetse. Mundiyendereko ulendo uno wokha, mlatho uja ndimanga." Ndinalowa m'nyumba, n'kutenga khanda lija, n'kumuika m'manja mwake. Anasewera naye pang'ono, akumwetulira monga amachitira pamisonkhano, kenaka anandifunsa kuti, "Ameneyu ndi wa yani?"

Ndinamulanda mwanayo. Iye anaona nkhope yanga, nadzuka, napita osatsanzika.

Sindikudziwanso choti ndiyembekezere. Oimira chaka chino ndi ambiri, nyimbo zayambanso, zitenje zatsopano zafika, ndipo atsikana akuvina monga munkavinira inu, monga ndinavinira ine. Ndikawaona mtima umandiwawa, koma ndiwauza chiyani? Si ndine amene ndinawauza kuti uyu sangatinamize?

Ngati Esinati anakupezani, mumuuze kuti mwana wake wayamba kukhala pansi yekha, ndipo mano awiri atuluka. Tinamutcha dzina lanu. Lameki sindimutemberera, ndi magazi anu. Koma ichi chokha ndikukulonjezani: mwanayu ndimulera, ndipo akadzakula n'kukhala woyembekezera, ngati ndidzakhale ndidakali moyo, ndidzamuwolotsa ndekha chilimwe chisanathe, akadikirire kutsidya.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ine mwana wanu,
Nasitaziya