Udzu Wabwerera Kubusa

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kukuvutani. Kuno tikudzuka ndithu.

Ndalemba kuti ndithokoze chifukwa cha waya munatumiza uja. Tinatchinga kumunsi kwa busa, kuja ng'ombe zinadya mpaka kusiya dothi lokhalokha. Zaka ziwiri zokha, Amalume, udzu wafika m'chiuno! Sabata yatha ndinagwada n'kuwerenga mitundu ya zomera, ndipo ndinapeza khumi ndi inayi pamalo pomwe panali minga basi. Ndinathyola kaduwa kachikasu n'kukawaonetsa amayi, poti masiku ano satuluka m'chipinda. Anakanunkhiza nati, "Aka ndinakaona komaliza ndili ndi mimba yako." Tsiku limenelo anadya bwino.

Aneba akuti mbuzi zawo zikuonda chifukwa cha mpanda wathu, moti moni wawo wafupika. Komanso kunabwera abambo awiri ndi tepi yoyezera malo, anakhoma zikhomo zofiira mpaka m'kati mwa mpandawo. Akuti abweranso ndi mapepala. Amayi sindinawauze.

Musade nazo nkhawa. Koma mukapeza mpata, bwerani udzu usanaume. Ndikufuna mudzauone udakali wathu.

Ndine,
Mwana wa mlongo wanu