Mulitu Atate Mmenemo

Mphuka,
Luangwa.

Wokondedwa mlongo wanga Yoram,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Kitwe kumeneko, pamodzi ndi alamu anga a Lillian ndi ana. Kuno tadzuka. Dzuwa la kwathu kuno ku Feira ukulidziwa, likutiwamba ngati nsomba. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma akuyenda.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanga masiku ano sukuyankha. Kalata siidulidwa pakati.

Nkhani ndi ya laputopu yanga yakale ija. Atate atatuluka m'chipatala ku Katondwe, ataona okha kuti mphamvu zikutha, ndinkawakhazika pansi pa mtengo wa masau n'kumajambula mawu awo. Anaimba nyimbo zonse zimene ankapalasira bwato popita ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje. Anatchula makolo athu mmodzimmodzi m'Chikunda. Anafotokozanso mmene iwe unalumphira m'madzi pothawa ng'ona yomwe inali chipika chabe, ndipo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

Laputopuyo inali yaulesi, sindikana. Ukaiyatsa unkatha kukatunga madzi n'kubwerako isanadzuke. Koma amayi ankati tiisiye, atate nawonso ankayamba atsokomola kaye asanalankhule. Chimwalirire atate, amayi ankakhala pamkeka madzulo aliwonse kudikira mawu a mwamuna wawo, ndipo sanadandaulepo za kuchedwako.

Unabwera pa Khirisimasi n'kuiseka. Unati uitenga ukawonjezere ramu ndi kuikamo disiki yatsopano ya SSD kuti izithamanga. Ndinakana. Ndinakuuza kuti mulitu atate mmenemo. Unandigwira dzanja pamaso pa amayi n'kulonjeza kuti usanachotse disiki yakale ukopera zonse, osasiya kanthu. Ndinakukhulupirira, poti ndiwe mwana wa atate omwewo.

Laputopuyo inafika pabasi kutatsala pang'ono kuti tiike mwala pamanda. Kuyaka inayakadi ngati mphezi. Ndinaona foda yolembedwa kuti Atate, mtima unakhala pansi. Sindinaitsegule, ndinkafuna tidzamvere limodzi tonse.

Iwe sunabwere, unati ntchito yachuluka. Koma atete Arminda, mlongo wawo wa atate, anawoloka kuchokera ku Zumbo ndi ukalamba wawo wonse. Ukudziwa kuti maliro anawaphonya chifukwa mtsinje unali utadzaza. Ndine ndinawatumizira uthenga kuti abwere adzamve mlongo wawo akuimba.

Titachoka kumanda anthu anakhala pansi pa msau uja, ine n'kutsegula foda. Munali zithunzi zokhazokha. Ndinafufuza mawu a atate paliponse, anthu akudikira. Chimene ndinapeza ndi vidiyo ya ukwati wako, yonse yathunthu, kuyambira kutchalitchi mpaka podula keke.

Atete anandifunsa ngati mlongo wawo akubwerabe m'makinamo. Ndinangotseka laputopu. M'mawa mwake anakwera bwato kubwerera kwawo. Anasiya mtolo wa nsomba zouma, akuti ndi za Yoram amene wakonza makina. Zili pano, zikukudikira.

Poyamba ndinkakuikira kumbuyo. Ndinkauza anthu kuti mwina walakwitsa chabe pokopera. Zoona zake ndinazimva kwa alamu anga, ndipo usawakalipire, iwo ankangocheza osadziwa kanthu. Anati disiki yatsopano ndi yothamanga koma yaing'ono kuposa yakale, ndiye unachita kukhala pansi n'kusankha zolowa ndi zotsala. Akuti unanena kuti nyimbozo n'zazitali, zikudya malo, komanso ana ako Chikunda sachimva. Anatinso disiki yakale unaifufuta, unaiika m'kabokosi, ndipo ana akuonerapo makatuni pa TV.

Yoram, sunaiwale ayi. Unasankha. Unaona keke yako, unaona mawu a atate, malo n'kupatsa keke. Ndipo unakhala chete, kundisiya ndiitane nkhalamba iwoloke mtsinje kudzamva mphepo. Zandipweteka kwambiri. Mbale wako akakulakwira umalira n'kuiwala, koma iwe unandigwira dzanja.

Tsono imva pempho langa. A Tenson, amene amaphunzitsa kompyuta pasukulu pathu, akuti ngati simunaikemo zinthu zambiri, zina zofufutidwa zimatha kubwezedwa. Sakulonjeza. Akuti katuni iliyonse imene mukuwonjezera ikukwirira atate. Kachotse kabokosiko pa TV lero lomwe, ukakulunge m'nsalu, ubwere nako wekha. Usapatsire kondakitala wa basi. Ngati laputopu ingabwerere ku ulesi wake kuti atate abwerere, ibwerere.

Ubwerenso kuti udzawauze amayi ndi pakamwa pako. Ine mawu ake ndilibe. Madzulo aliwonse amayala mkeka n'kundiuza kuti ndiyatse. Imayaka nthawi yomweyo, bwinobwino monga unalonjezera, kenako zii. Dzulo nditati ndiitseke anandigwira mkono. Anati ndisapupulume, ndidikire pang'ono, mwina akutsokomola kaye.

Undiperekere moni kwa alamu ndi ana, iwo alibe mlandu. Mulungu akusunge, akupatsenso mtima woti ukwere basi.

Ndine mlongo wako,
Exildah