Tsiku Limene Anaika Amayi Kutsogolo

Lamlungu, 9 Juni

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi mwana. Ife kuno tilipo. Pepani kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Nkhani iyi sindingaiyankhule Amayi ali pafupi, mukuwadziwa makutu awo, amamva ndi zonong'ona zomwe.

Amayi ntchito yawathera, Achemwali. Ndayamba ndi zimenezo kuti musawerenge mtima uli m'mwamba.

Maso awo anayamba kuchita nkhungu chaka chatha. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, makamaka inu, ati muli ndi pakati musamadandaule. Kusoka ankasoka bwinobwino, manja aja amadziwa okha njira ya kolala, koma kabowo ka singano sankakaonanso. Ndiye kufakitale kuja, popeza makina anga anali pafupi ndi awo, ulusi ukaduka ankangotsokomola, ine n'kudzuka kukawalowetsera. Azimayi onse a mzere wathu ankaona, koma palibe anatsegula pakamwa.

Kenako abwana anabweretsa katswiri woona kagwiridwe ka ntchito, kuti tizisoka malaya ambiri osatopa. Tinamutcha Wotchi, chifukwa ankaima kumbuyo kwa munthu wotchi ili m'manja, kuona kumene dzanja lapita, pamene wadzuka, pamene watembenuka. Ndisamunamizire, ndi mnyamata waulemu, ndipo zambiri anakonzadi. Mipando anatikwezera, msana wanga uja unasiya kuwawa. Nsalu anaziika pafupi, lumo lililonse analimangirira pa makina ake, zokangana zija zoti “lumo langa watenga ndani” zinatheratu.

Tsiku lina anandifunsa, “Chemwali, nanga inu bwanji mumangodzukadzuka?”

“Pampandopa pali nsikidzi, bwana,” ndinatero. Mzere wonse kuseka, iyenso kuseka. Ine kumadziona wochenjera, kupusa kwangaku!

Lolemba lotsatira tinapeza chipinda chonse atachitembenuza. Ine anandipititsa kumapeto, ku mabatani, kumene munthu sadzuka. Amayi anawaika kutsogolo okhaokha, pansi pa nyale yatsopano. Wotchi anaima n'kulengeza mosangalala, “Mwa nonse muno, mayi awa ndi amene manja awo sataya nthawi. Aliyense aziphunzira kwa iwo.” Anthu anaomba m'manja. Amayi anamwetulira.

Anasoka bwino mpaka nthawi ya tiyi itayandikira. Kenako ndinamva kutsokomola kuja. Ndimati ndidzuke, kapitawo n'kundiloza chala: “Iwe, khala pansi! Za nsikidzi zinatha.” Amayi anatsokomolanso. Ndinkawaonera kumsana, ataweramitsa mutu mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda makina, akulasa ulusi pambali, kuunyowetsa ndi malovu, kulasanso pambali. Azimayi anayamba kuimitsa makina mmodzimmodzi. Wotchi anapita n'kugwada pambali pawo.

“Mayi, singano yapindika kapena?”

“Singano ili bwino, mwanangu,” anatero Amayi. “Ndi ineyo.”

Anavula epuloni, kuipinda bwinobwino monga amachitira, n'kupempha kuti wina awaperekeze pakhomo. Ndinadzuka, ndipo ulendo uno kapitawo sanandiletse.

Wotchi anayesetsa, ndisabise. Analowa kwa abwana kukapempha kuti atibwezere pamodzi, kapena Amayi apite kopinda malaya. Abwana anati munthu wosaona bwino pa makina ndi ngozi, ndipo kopinda malaya nakonso anthu achuluka, popeza njira zatsopanozi zikufuna manja ochepa. Atatuluka, Wotchi anandipeza pampopi, maso ake ali ofiira. “Mukanandiuza, chemwali,” anatero. Ndimafuna ndimude mnyamata ameneyu, koma zikundikanika, ndiye mkwiyo wonsewu ndikungoyenda nawo.

Kuchipatala akuti vuto lili pa mtsempha wa m'maso, ndipo tinachedwa. Mankhwala angochedwetsa mdimawo, sangabweze zimene zapita. Kunyumba Amayi sadandaula, ndipo zimenezo ndi zomwe zikundipweteka kwambiri. Ndikaweruka amandifunsa kuti lero mzere wayenda bwanji. Ndikawauza kuti malaya akutuluka ambiri kuposa kale, amagwedeza mutu n'kumati, “Mwana uja amaidziwa ntchito yake.” Ine ndimangolowa kubafa kukalira.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Musatumize kanthu, bwerani inuyo. Musadikire tchuthi cha alamu, musadikire kuti mwana ayambe wakhala pansi. Bwerani Amayi akadatha kukuzindikirani mukamalowa pakhomo.

Mundiperekere moni kwa alamu. Azimayi a mzere wathu akukupatsani moni nonse. Amayi akuti ndikuuzeni kuti ali bwino, ntchito apuma okha chifukwa cha ukalamba, ndiye mukaimba foni mungovomera zomwezo. Chithunzi cha mwana chija chinafika Lachisanu. Amayi anapita nacho pawindo, kuchiyang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kunena kuti mphuno ndi yanu koma chipumi ndi cha malemu Atate. Anali atachigwira chozondotsa, Achemwali. Ine ndinangovomera kuti eya, chipumi ndi cha Atate.

Ndine mng'ono wanu wokusowani.