Chilenzi Chako Chija

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino kumeneko, iwe, apongozi anga ndi kamdzukulu kanga. Kuno tili bwino, ndipo lero ndikunena zimenezi ndi mtima wonse.

Kamera udawatumizira bambo ako ija, ndi chilenzi chake chokokera zakutali, chotalika ngati mkono wanga, idatsala pang'ono kundiphera mwamuna. Paja chipumireni pantchito, moyo wawo ndi mbalame. M'mawa uliwonse amakhala pakhonde kudikirira atimba mumtengo wa gwafa. Koma chithunzi chilichonse chinkatuluka mbuu, ngati mbalameyo ili mu utsi.

Ine ndinkangowaseka, osadziwa kuti iwo adadziweruza kale kuti manja ayamba kunjenjemera, matenda aja adatenga akulu awo. Kudya adachepetsa. Jekete lawo labwino lija adapatsa msuweni wako. Tsiku lina adayamba kundionetsa potsekera madzi a nyumba yonse, ati ndizidziwiratu. Apo ndidati ayi bambo, tandiuzani chavuta. Adangotambasula manja n'kunena kuti, "Sindikufuna udzavutike kundidyetsa ndi supuni."

Mwanawe, ndidalira. M'mawa mwake ndidawakokera kuchipatala, kamera ili m'khosi, ati ndiye umboni.

Adokotala adawagwiritsa mphuno, kuwalembetsa, kuwayendetsa uku ndi uku, osapeza kanthu. Bambo ako kukana, ukuwadziwa makani awo. Basi adokotala adanyamula kamerayo n'kuloza khwangwala amene adatera pagalimoto panja. Abale, chithunzi chake chiguduli chenicheni! Munthu wanyonga zake ameneyo. Adokotalawo adaseka, nati chinthu cholemera chonchi palibe angachigwire m'manja osachigwedeza.

Jekete lija bambo ako adakalilanda madzulo omwewo.

Panopa chilenzicho akumachitsamiritsa pampando, pansi pake pilo wanga, ndipo dzulo ajambula timba mpaka diso kuoneka. Ndiye pempho langa nali: uwagulire chamiyendo itatu choimikapo kamera chija, kapena usinthe lenzilo ndi lina lopepuka. Chachikulu sichikhala chabwino nthawi zonse, ndipo ine khosi landipweteka ndi kugona popanda pilo.

Ukaimba foni, uwafunse za mbalame basi. Usaulule kuti ndakuuza zonsezi. Kwa iwe amafuna akhalebe bambo amene sadaopepo kanthu.

Undiperekere moni kwa onse m'nyumbamo. Mulungu akusungeni.

Ndine mayi ako.