Nsomba Zimene Munakhuthulira m'Thanki la Mng'ono Wanu

Alamu,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko, pamodzi ndi akazi anu ndi ana. Kuno tadzuka, koma musayembekezere mawu okoma m'kalata muno.

Mukudziwa kuti chidwalireni sitiroko, amuna anga ankangokhala pampando, dzanja lamanzere lili lende. Adokotala atanena kuti apeze chochita, anasankha thanki lagalasi loweteramo nsomba za m'madzi amchere. Mcherewo ankasungunula okha m'ndowa, madzi n'kumatunga ndi jagi pang'onopang'ono, ndi dzanja lodwala lomwelo.

Wogulitsa nsomba anawauza kuti thanki latsopano limayamba lakhala lopanda nsomba kwa masabata angapo, mpaka m'miyala mutaswana tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, tomwe timadya zonyansa za nsomba. Zikatero, nsomba zimalowa ziwiriziwiri, kenako kudikiranso. M'mawa uliwonse ankadontheza mankhwala m'kabotolo ka madzi a m'thanki, n'kukaona mtundu wake pawindo. Munthu amene ndinkachita kumudzutsa anayamba kudzuka ine ndisanadzuke.

Inu munabwera kudzacheza, n'kuseka pabalaza panga. Munati munthu wa ndevu zake sangamawete madzi. Iwo anakufotokozerani zonse ndi lilime lawo lolemera lija, inu maso ali pafoni.

Tsiku limene ndinapita nawo kuchipatala kukaongola dzanja, munakagula mapepala apulasitiki odzaza nsomba n'kuzikhuthulira zonse nthawi imodzi. Mutaona ngati madzi achepa, munawonjezera apampopi. Titabwera munati ndi mphatso, tithokoze. M'mawa mwake munakwera basi.

Zotsatira zake simunazione, ndiye ndikuuzeni. Madzi anachita mbuu. Nsomba zinakwera pamwamba zikupumira m'mwamba, kenako zinayamba kuyandama chagada. Amuna anga anazivuula okha ndi kaukonde, imodziimodzi, ndipo anakana kuti ndiwathandize. Atamaliza anazimitsa pampu yoyendetsa madzi m'thankimo, n'kuphimba thanki ndi nsalu ya pabedi. Anabwerera pampando paja. Kuchipatala anati sapitakonso.

Inu kumeneko mukuuza abale kuti nsomba zinafa chifukwa mlamu wanu sindinkazidyetsa. Azakhali anu andiuza zonse. Mulibe manyazi?

Amene watipulumutsa ndi mwana wathu wamkazi. Anachotsa nsalu ija, n'kuyamba kusungunula mchere molakwitsa dala, bambo ake akuona. Bambo akewo analephera kupirira. Anadzuka n'kumulanda ndowa, amvekere akuwononga mchere wawo. Tinayambanso kudikira kuchokera pachiyambi. Pano muli tinsomba tiwiri tachikasu, ndipo kuchipatala amuna anga ayambiranso kupita.

Dzulo munaimba foni kuti mwezi wamawa mubwera ndi nsomba zina zambiri zolowa m'malo mwa zija. Amuna anga anangokuyankhani kuti zikomo. Sangakukanizeni poti ndinu mkulu wawo, ndipo mpaka lero amati munali ndi cholinga chabwino. Ine sindine mng'ono wanu.

Musabwere ndi nsomba. Musabwere n'komwe, kufikira mutawapepesa ndi pakamwa panu, ndiponso mutauza abale zoona. Kiyi wa pakhomo pano amene munapita naye mutumize pabasi. Mukachedwa, ndisintha loko.

Mundiperekere moni kwa akazi anu ndi ana, iwowo sanandilakwire. Mulungu akudalitseni, akusungeni komweko.

Ndine,
Mkazi wa mng'ono wanu