Akuti Ndikuwapha ndi Njala Amuna Anga

Aphungu,

Ndine mayi wa ana anayi, ndipo banja langa likugwedezeka chifukwa cha nsima.

Amuna anga, a Samson, anabwerako ku migodi ya ku Kitwe chaka chatha akumwa madzi ngati ng'ombe, thupi likungotha. Ku chipatala cha mishoni adokotala anati ndi matenda a shuga. Anawapatsa mapiritsi, nawauza kuti achepetse nsima, mbatata ndi chinangwa, asiye tiyi wa shuga, azidya kwambiri masamba otendera, nyemba ndi mazira.

Tinamvera. Ludzu lija linatha, mphamvu zinabwerera. Amuna anga ataona phindu lake anati, "Ngati kuchepetsa kwandithandiza chonchi, nanga kusiyiratu?" Nsima anaisiyadi, koma mapiritsi osasiya. Lachitatu lapitali anagwa m'munda wa mtedza, thukuta lili kamukamu, akunjenjemera, akulankhula ngati oledzera. Anatsitsimuka anzawo atawamwetsa thobwa.

A Samson ndi akamwini, amakhala kwathu kuno. Alongo awo, a Felistus, atamva anabwera kuchokera ku Vubwi, ndipo anandiyalutsa pamaso pa anthu. Anati, "Mlamu, munthu wodya ndiwo zokha wadya? Mukumupha ndi njala mlongo wanga." Ankhoswe akumana Loweruka. Akuchimuna akufuna kuwatenga akawadyetse kwawo mpaka anenepe.

Mtima ukundiwawa, Aphungu. Ndiphike nsima yaikulu kuti ndisunge banja, kapena ndimvere adokotala kuti ndisunge munthu?

V. B., Sinda

Mayi V. B.,

Pukutani misozi. Inu simukumana munthu chakudya, mukudwazika matenda. Koma a Samson anadzipatsa udokotala umene sanauphunzire, ndipo inu munangoyang'ana. Anauzidwa kuchepetsa, sanauzidwe kusiya. Ntchito ya mapiritsiwo ndi kutsitsa shuga m'magazi. Akapeza munthu sanadye kanthu kokhutitsa amatsitsa mopitirira, ndipo munthu angathe kukomoka osadzukanso. Thobwa lija linawapulumutsa tsikulo chifukwa shuga anali atatsikitsa. Limenelo si chilolezo choti azimwa tsiku ndi tsiku.

Loweruka lisanafike bwererani nawo kuchipatala, mukafotokoze za kugwako osabisa kanthu. Ngati mapiritsi ayenera kuchepa, anene ndi adokotala. Pakali pano azidya kamtanda kakang'ono masana ndi madzulo, ka mgaiwa kuposa ka ufa woyera, ndiwo zambiri. Kumunda asapite m'mimba muli pululu, ndipo m'thumba mwawo musasowe kachidutswa ka nzimbe koti atafune akayamba kunjenjemera.

A Felistus musawade. Tonsefe tinakula tikudziwa kuti amene sanadye nsima wagona ndi njala, ndiye iwo akulankhula mwa chikondi, kungoti sadziwa nthendayi. Atengeni kuchipatalako akadzimvere okha. Pamaso pa ankhoswe alankhule a Samson eni ake kuti nsima anaikana ndi iwo, pakuti akakhala chete mlandu ugwera inu. Ngati akuchimuna aumirirabe kuwatenga, asapite asanamve mawu a adokotala.

Chenjezo langa ndi ili: musaphike nsima yaikulu pofuna kutseka pakamwa pa anthu. Amene lero akufunsa chifukwa chake mukuwamana amuna anu, ndi omwewo adzakufunsani pa maliro kuti munawadyetsa chiyani.

Aphungu