Sindibwera ku Ukwati wa Sondes

Achemwali anga okondedwa a Mongia,

Mtendere ukhale nanu. Kodi muli bwanji kumeneko? Nanga mawondo a amayi akuti bwanji ndi kuzizira kwayambaku? Ine ndili bwino, tithokoze Mulungu, kungoti mtima uli komweko.

Ndisazungulire, ku ukwati wa mwana wanu Sondes sindibwera. Ndikudziwa kuti mukhumudwa, koma tamvani kaye.

Sabata yatha tinapeza makompyuta onse a khonsolo ya mzinda atatsekedwa. Akuba a pa intaneti analowamo, n'kusiya uthenga woti satsegula mpaka atalandira dipo, ndipo akuluakulu akana kulipira. Kaundula wathu wa obadwa ndi omwalira sakutseguka, zinyalala zaunjikana m'misewu, anthu akungotukwana pamzere. Bwana wathu, a Lotfi, aimitsa tchuthi cha aliyense. Nditawadandaulira za ukwati anandiuza kuti ndikapemphe tchuthicho kwa akubawo, poti ndiwo akulamulira ofesi masiku ano.

Tatulutsa mabuku akale afumbi, tikulemba pamanja. Mnzanga Olfa akundiseka kuti nyengo ya ife akumudzi yafika, chifukwa iye zala zake zinazolowera kudina basi.

Lachinayi panafika mkulu wina pawindo langa, atavala chikhothi chaubweya ngati cha malemu abambo. Atangopereka moni ndinamva kalankhulidwe ka kwathu. Ndi a Belgacem a ku Ain Tarfa, kuseri kwa phiri lathu lija. Anabwera ndi akazi awo a Mbarka kuchipatala cha kuno, mayiwo n'kutisiya. Ankafuna chilolezo chonyamulira thupi kupita kwawo, koma anali atabwezedwa masiku awiri. Mwini galimoto yoti inyamule malirowo anali atatopa kudikira, ndipo anthu ankawauza kuti angoika maliro konkuno. Iwo anandifunsa modekha kuti amusiya bwanji Mbarka pano, munthu amene phokoso la m'tauni linkamusowetsa tulo ali moyo.

Ndinalemba chilolezocho pamanja n'kukwera nacho kwa a Lotfi. Anakana, ati pepala lopanda nambala ya m'kompyuta apolisi apamsewu akalibweza. Ndinawakumbutsa kuti chidindo chinabadwa kompyuta isanabadwe, ndipo ndinaima pakhomo pawo osasuntha. Anandinena kuti ndine wamakani ngati ngamira, koma anaimbira foni apolisi, kenaka anadinda.

Mkulu uja atalandira pepala anafunsa kuti ndine mwana wa yani. Nditatchula abambo anaseka misozi ili m'maso. Akuti ankakwera nawo mitengo ya kanjedza ali anyamata, ndipo abambo ankaimba moipa moti mbalame zinkathawa m'munda. Achemwali, zaka zisanu ndi chimodzi mumzinda muno, palibe amene ananditchulirapo abambo. Ndinalira pamaso pa mzere wonse.

Ndinawaperekeza kunja. Anandiuza kuti kutsogolo kwa galimoto kuli malo a munthu mmodzi, ndikwere, dzuwa lisanalowe ndikhala ndikumwa tiyi ndi amayi. Ndinayang'ana mpandowo nthawi yaitali. Kenaka ndinawatsekera chitseko, galimoto n'kukhotera kummwera, ine n'kubwerera pawindo pomwe mayi wina ankadikira kulembetsa khanda lake.

Pempho langa ndi limodzi. Ukwati ukatha, mupite ndi alamu ku Ain Tarfa mukawapepese a Belgacem m'malo mwanga. Ana alibe, ndipo nyumba ikhala itazizira anthu a pamaliro akabalalika. Muwatengere buledi wa amayi, mukhale nawo pang'ono. Akayamba nkhani za abambo musawadule, mudzandifotokozere zonse.

Sondes mumuuze kuti mayi ake aang'ono sanamutaye. Nsalu yake ndapatsira woyendetsa basi ya Loweruka. Tsiku lomupaka mkwatibwi utoto wa hina m'manja mundiimbire foni, muisiye pambali yosadula, ndimveko nthungululu za amayi.

Moni kwa amayi, muwapsompsone pamphumi. Moni kwa alamu anga a Ridha, kwa amalume a Hedi ndi akazi awo, kwa achimwene a Moncef ndi ana onse. Za tsiku lobwera sindilonjeza, ndalonjeza kokwana. Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Najet